Aphunzitsi a Manja Kumbuyo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo. Abanja andisankha chifukwa mawu anga amamveka patali, osati chifukwa ndimafupikitsa nkhani, choncho inu amene mwaimirira mundikhululukire.

Bambo awo anali okonza mawailesi, ndipo anali ndi benchi imodzi imene ana sankaloledwa kuikhudza. Malemu anaikhudza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anamasula wailesi ya mwini wake mpaka sikuluwu yomaliza. Anakwapulidwa, kenaka anauzidwa kuti aibwezere mmene inalili. Wailesi inalankhulanso, ngakhale panatsala masikuluwu awiri amene mpaka lero sitikudziwa kwawo.

Anayamba sukulu mu 1968, napita kusekondale mu 1976, ndipo mu 1982 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Pa 17 Ogasiti 1985 anamanga banja ndi achimwene anga, oyendetsa basi, amene anatisiya mu 2009. Anaphunzitsa sayansi pasukulu yathu ino kuyambira 1983 mpaka pamene anapuma mu 2021. Ambiri mwa inu munadutsa m'manja mwawo, ena kawiri kalasi imodzi.

Mukukumbukira mmene tinkaimbira foni kuno. Munthu ankakwera makwerero a thanki ya madzi kuseri kwa sukulu, dzanja lina pachitsulo, lina kukhutu. Anamwino ankakwera pomwepo kukafunsa adokotala za wodwala. Amayi ogulitsa tomato ankamva mtengo wa kutauni kuchokera kwa munthu yemwe wabwera kudzawagula, ndipo munthuyo sankadzinamiza yekha. Amakampani a mafoni anatiuza kuti ndife ochepa, sangatibweretsere netiweki.

Mu 2014 malemu anati ochepawo ali ndi manja. Anaitana owotcherera zitsulo, atelala, anamwino ndi amayi a pamsika. Anatola mapaipi akale a mjigo, nawalumikiza kukhala mlongoti umene mukuuona paseri pa tenti apo. Pamwamba anaikapo sola ndi mbale yoyera ija, imene iyenera kuloza ndendende pakampata ka phiri pomwe pamadutsa netiweki. Atapapeza, anajambula kamzere kofiira pamlongoti ndi utoto wa zikhadabo wa mwana wawo.

Mlongoti utaima, komiti inabadwa. Inali ya anthu khumi ndi mmodzi, aliyense ndi udindo wake. Ine ndinali wachiwiri kwa wachiwiri wa apampando. Pokonzekera tsiku lotsegulira, pa 6 Juni 2015, komiti inaona zinthu ziwiri zochititsa manyazi. Choyamba, mlongoti unali wa dzimbiri, ndiye tinaupaka penti yobiriwira kuchokera pansi mpaka pamwamba, kamzere kofiira kaja n'kufufutika. Chidebe cha penti ndinanyamula ndine. Chachiwiri, mbale ija inali itafulatira mipando ya alendo olemekezeka. Tinakambirana kwa maola awiri, ndipo tinagwirizana tonse kuti kufulatira mlendo si ulemu. Tinaitembenuza.

Mlendo wolemekezeka analankhula za chitukuko kwa mphindi makumi asanu, kenaka anadina batani la kompyuta. Palibe chinaoneka. Anadinanso mwamphamvu. Apampando anayamba kuomba m'manja, tonse tinatsatira, ndipo mwambo unatha bwino.

Malemu sanakalipe. Anatha masiku asanu ndi anayi akukwera ndi kutsika, kufunafuna kampata kaja. Atakapeza anatiuza kuti wolakwa si komiti ayi, koma iwo, chifukwa chinthu chimene akuchidziwa munthu mmodzi ndi cha munthuyo, si cha anthu onse. Komiti inalandira mawuwa ndi manja awiri, makamaka chigawo choyambacho.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse kunali sukulu patsinde pa mlongoti. Lamulo linali limodzi: aphunzitsi sagwira chida. Malemu ankaima manja ali kumbuyo, wophunzira n'kumavutika yekha ndi sipanala, ngakhale atenge tsiku lonse. Ukawafunsa kuti waya uwu upite pati, ankakufunsa kuti iwe ukuona ngati ukuchokera kuti. Atelala analira misozi tsiku loyamba. Apampando anabwerako kamodzi, anakhala kutsogolo, ndipo atapatsidwa sipanala anakumbukira kuti ali ndi msonkhano wina. Dzina loti Aphunzitsi a Manja Kumbuyo linachokera pamenepo.

Zipatso zake simukusowa kuti ndikuuzeni. Anamwino anasiya kukwera thanki. Amayi a tomato tsopano ndiwo amauza wogula mtengo wa kutauni, iye asanatsike panjinga. Ana amawerenga mabuku amene sukulu sinakhalepo nawo, ndipo atsikana awiri a pamsika anamaliza maphunziro a uzamba ali pakhomo pomwe pano.

Mu 2022 malemu anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo mu 2024 impso zinayamba kuvuta. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: ambirife tikapita kukawazonda, tinkafunsa mmene agonera, kenaka potuluka maso ankapita kumlongoti. Tinkaopa kuti tsiku limene adzapite iwo, tidzabwerera kuthanki.

Anagonekedwa m'chipatala pa 3 Juni 2025. Pa 10 Juni mphepo ya mkuntho inapotoza mbale ija, mafoni onse n'kukhala chete. Atelala ndi amayi awiri a pamsika anakwera basi kukawafunsa chochita. Malemu anabisa manja m'bulangete, nawauza kuti iwo aiwala zonse, ndipo nthawi yoona odwala yatha. Amayiwo anabwerera ali okwiya. Atelala anakwera pamwamba, anzawo akuyang'ana foni pansi n'kumawauza kuti kumanzere pang'ono, kumanja pang'ono. Foni yoyamba kutuluka inapita kuchipatala. Mwana wamkazi wa malemu, amene ankawadwazika, akuti iwo anangofunsa kuti zatenga nthawi yaitali bwanji. Atamva kuti maola awiri, anati iwo zinawatengera masiku asanu ndi anayi, ndiye basi, awasiye apume. Anamwalira mmawa wa pa 12 Juni, ali ndi zaka 64.

Uthenga wa maliro ano wayenda kudzera pamlongoti womwewo. Foni imene ili pampando wakutsogolo apa si yoiwalika. Mwana wawo womaliza, amene ali kusukulu kutali ndipo walephera kufika, akumva zonse. Mwanawe, limba mtima, amayi ako tikuwaperekeza bwino.

Malemu asiya ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, azing'ono awo awiri, ndi anthu makumi atatu ndi mmodzi odziwa kugwira sipanala. Abanja akuthokoza adokotala ndi anamwino, ampingo, aphunzitsi anzawo, amayi amene akhala akuphika, achinyamata amene akonza kumanda, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu. Sukulu ya Loweruka ipitirira, atelala ndiwo aziima manja kumbuyo.

Pomaliza, lero kwabwera alendo olemekezeka ambiri, ndipo mbale ija yawafulatira. Akomiti tikupemphedwa kuti tiisiye choncho.

Alamu, ntchito mwaisiya m'manja odziwa. Mzimu wanu uuse mumtendere.