Voti Yobwera ndi Mayi Wamasiye

Tsiku la chisankho pabwalo la khoti ku Virginia, aphunzitsi a Tolliver anaima kunja kwa mzere, nkhope ili gwa ngati amwa mankhwala owawa, popeza masiku amenewo wopanda munda sankavota. Mumzeremo munali bambo wina wa chipewa chatsopano, akununkha mowa waulere wa ofuna mipando.

"Achimwene, pachikwangwanipo alemba chiyani?" anafunsa wachipewayo.

"Kuwerenga simutha, koma mukukavota?"

"Ndili ndi maekala makumi asanu ine."

"Munawapeza bwanji?"

"Ndinakwatira mayi wamasiye chaka chatha. Munda unabwera nawo limodzi."

"Ha! Ine zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuphunzitsa ana mawu a pulezidenti wathu wakale uja, akuti mtundu wa mbuli sungasunge ufulu. Lero mbuliyo ndiyo isankhe boma, ine ndingoonerera ngati ng'ombe ya kuseri kwa mpanda!"

"Musapse mtima, aphunzitsi. Paja povota timachita kufuula dzina la amene tikumufuna. Ndinong'onezeni dzinalo, ndikalifuula m'katimo m'malo mwanu."

"Voti yobwereka sindiifuna. Ndikufuna yangayanga."

A Tolliver anameza malovu, maso ali pachipewa chija.

"Akazi anuwo alibe mng'ono wawo?"

"Alipo, naye ngwamasiye. Koma munda wake ndi miyala yokhayokha."

"Achimwene, kodi ndanena kuti ndikufuna kulima?"