Ngalande ya a Doni ndi Moni Wotsala

Olemekezeka a DC a boma lathu la Salima. A Tcheyamani a chipani, ndi amayi amene mwatilandira ndi nyimbo. Mafumu athu eni nthaka. A Shehe ochokera ku Chipoka ndi abambo ansembe a ku mishoni. Alangizi, ndi inu alimi a mpunga a kuno ku Chinguluwe, amene matope a ngalandeyi akadali m'zikhadabo zanu: landirani moni nonse. Pepala limene andilembera lathera pomwepa, koma moni umodzi watsala, ndipo ndiupereka ndisanakhale pansi.

Ngalande tikutsegula leroyi yatchedwa dzina la a Doni. Ambiri mumayesa kuti anali wansembe. Ayi. Dzina lawo linali Don Eusebio Arlanza, kuonjezapo maina ena anayi amene lilime langa linawakana. Anabadwira ku Spain, m'banja lachifumu, m'nyumba ya miyala imene makolo awo anakhalamo zaka mazana atatu. Anaphunzira za madzi, nakwera mpaka kukhala nduna ya zaulimi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ankati akatsokomola mu ofesi, akalaliki khumi ankaimirira.

Tsiku lina anawabweretsera pepala loti asaine: damu lalikulu limangidwe, midzi itatu imire, eni ake akadzionere okha kolowera. A Doni anati, "Ndisaina mukayamba mwawapatsa minda." Pepala linabweranso kachiwiri, yankho n'kukhala lomwelo. Sabata isanathe, unduna unatha. A Tcheyamani, musandiyang'ane choncho, izi ndi za kutsidya kwa nyanja yamchere, kutali zedi.

Kuno anafika mu 1968, atakalamba, kudzera mwa ansembe a kwawo. Ine Gracian Kamtedza ndinali mlangizi nthawi imeneyo, ndipo ntchito yowayendetsa m'minda inagwera ine. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: anangoona mmene madzi amatayikira m'dambo, basi anayamba kujambula pansi ndi ndodo yawo. Chichewa chinawakanika, kupatula liwu limodzi: moni. Ankaupereka kwa aliyense, ngakhale munthu amene am'patsa kale kawiri m'mawa womwewo, moti ulendo wa mphindi khumi unkatidyera ola lathunthu. Tsiku lina dzuwa litandiwamba ndinapsa mtima. Ndinati, "Bwana, kodi anthu onsewa ndi abale anu?"

Anaima, nandiyankha m'Chingerezi chawo chothyokathyoka: "Gracian, unduna sindinaulire, galimoto sindinailire. Koma atangondichotsa, m'mawa mwake anzanga amene ndinakula nawo atandiona mumsewu, anawolokera mbali ina. Mkazi wanga kutchalitchi ankakhala yekha pa benchi ya anthu asanu ndi atatu. Patapita zaka ziwiri anamwalira, madokotala osapeza nthenda." Kuyambira tsiku limenelo sindinawafulumizenso.

A Doni anatisiya chaka chatha, mzimu wawo uuse mumtendere. Nyumba ya makolo ija anaigulitsa asanamwalire. Simenti, mapaipi ndi injini mukuona apazi ndi nyumba yomweyo.

Koma simenti siyeza malo yokha. Amene anayenda ndi chingwe ndi zikhomo miyezi isanu ndi inayi, kuchokera kumtsinje mpaka kumunda womaliza, ndi a Binali Omari. Ndaona ena mwaweramitsa mitu. Tonse tikudziwa kuti a Binali anatengedwa ndi apolisi mwezi wa Febuluwale, ndipo mpaka lero sanabwere. Mlandu wawo sindiudziwa, ine si woweruza, ndipo boma lili ndi nzeru zake. Chimene ndikudziwa ndi chimene maso anga aona lero: akazi awo, mayi Jamila, akhala pansi pa mtengo wa mango uwo chiyambire m'mawa, pamphasa ya anthu asanu ali okhaokha. Amene ankapempha mchere pakhomo pawo adutsa ngati sakuwaona. Inenso, ndisaname, potsika galimoto ndinawaona, n'kuyang'ana kumbali, ndipo ndachita manyazi. Mantha ndili nawo monga inu nomwe. Ndili ndi ana, ndili ndi ntchito. Koma zaka makumi awiri ndi zisanu ndagwira m'boma, sindinakumanepo ndi lamulo loletsa moni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayi Jamila, asalamu aleikumu. Moni, mayi. Mwadzuka bwanji? Nanga ana kunyumba?

Dzukani, mayi, bwerani kuno kutsogolo. Apatseni njira. Chitsulo chotsegulira madzichi ndi cholimba, ndipo manja angawa akalamba. Gwirani mbali iyo, ine ndigwire iyi. Bambo amene mukulemba m'kabuku kumbuyoko, lembani bwino: ndi Kamtedza, osati Kantedza.

Tsono ndi ulemu wonse kwa akuluakulu amene muli pano, pokumbukira malemu a Doni ndi manja onse amene anakumba, ndikulengeza kuti ngalande ya a Doni yatsegulidwa kuyambira lero. Madzi ake alowe m'munda uliwonse, osadumpha wa a Binali.

Zikomo kwambiri.