Boti pa Mzere wa Mafuta

Pa mzere wa mafuta, kalipentala wina ankangozungulirazungulira boti lamatanga limene ankalikoka pa ngolo kumbuyo kwa galimoto yake, maso ali pa wotchi. Dalaivala wa lole ya kumbuyo kwake anatsika n'kuligogoda ndi chala.

"Akulu, mlongotiwu wathyoka kodi? Wagoneranji chonchi?"

"Ndinaupanga dala wopinda. Ukafika kumadzi umaudzutsa wekha ndi chingwe chimodzi, n'kukweza thanga."

"Nanga kuchepa konseku, mphepo ikakula siligubuduka?"

"M'mimbamu muli chitsulo cholemera. Pakuya umachitsitsa, posaya umachikweza. Koma mzere uwu abale! Mphepo yabwino imatha masana."

"Mukuthamangira mpikisano?"

"Mpikisano ayi, ndi nkhani ya bambo anga. Botili analijambula ndi iwo papepala, ine n'kulikhoma. Adokotala atipatsa lero lokha, mawa akukawagoneka kuchipatala."

"Ndi awo akhala kutsogolowo, avala jekete yoyandamira?"

"Omwewo. Aivala chidzukire, ngakhale pomwa tiyi akana kuivula."

"Munaliyesapo pamadzi?"

"Ngakhale kamodzi. Ndinkangoti ndipake kaye penti, ndikonze kaye chiwongolero. Zaka zinayi zatha ndi kaye-kaye wangayo."

"Ndiye mwaimiranji pano? M'lolemu ndili ndi chigubu cha petulo wa jenereta ya mlamu wanga. Tsegulani thanki."

"Aa, nanga alamu anuwo?"

"Adya ndi kandulo lero, safa nazo. Gwirani fanelo bwino, ndithire."