Mmene Ndinathawira Njinga Yanga Yomwe

Kale, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangoyamba kumene, ine Amidu ndili mnyamata wosoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye pa Ulongwe, kunabwera azungu awiri a boma ndi makina ojambulira kanema. Inu lero kanema mumayenda naye m'thumba, koma nthawi imeneyo ankabwera pagalimoto, wopanda mawu, ndipo womasulira ndiye ankafotokoza zochitika.

Ankafuna munthu woti amujambule, ndipo anasankha ine. Ndinapita nditatchena, jekete, kofia, nsapato zowala, koma mzungu anangopukusa mutu. Anandivula zonsezo n'kundiveka chiguduli, ndipo womasulira anati, "Akuti ukaona njinga utong'ole maso n'kuthawa, kenako ugwade, bwana akuphunzitse kuti si chilombo." Njingayo, ana inu, inali yanga, anachita kundibwereka! Koma kukanira mzungu masiku amenewo kunali kuputa mavu.

Ndinathawadi, fumbi koboo, ndipo pogwada paja anati ndilankhule chilichonse popeza mawu samveka. Ndinakweza manja n'kunena m'Chiyao, "Bwana, mphuno yanuyi tibwerekeni tikakumbire chinangwa." Mzungu anandisisita pamutu mokondwa, pamene anthu oonerera ankaluma milomo, ena n'kuthawira kuseri kwa sitolo.

Koma kumudzi kwa Kalembo zinavuta. Mayi ake a Asiyatu, mtsikana amene ndinkamufunsira, anangomva za chiguduli chokha. Anati, "Iyayi, Che Amidu, mwana wanga sangakwatiwe ndi chitsiru choonetsedwa dziko lonse." Ndinawonda, singano n'kumandibaya chala, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvula itatha, galimoto ija inabwera kudzaonetsa kanemayo pabwalo la msika, dzuwa litangolowa. Ndinakhala kumbuyo mtima uli m'mwamba, ndikuwaona mayi aja ali kutsogolo ndi mwana wawo. Ndiye nditangooneka pansalu ndikugwada, onse amene analipo tsiku lojambula lija anakuwa pamodzi, "Tibwerekeni tikakumbire chinangwa!" Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Mzungu woyendetsa kanema anafunsa chimene anthu akunena, ndipo womasulira, nkhope ili gwa, anayankha, "Akuthokoza boma, bwana."

Mayi aja anaseka mpaka duku kugwa. Atapuma anandikodola n'kuti, "Uwauze amalume ako abwere."

Koma kumadera ena kumene kunalibe wodziwa mawu anga, anthu anangoona munthu wakuda wothawa njinga, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Tsono inu mukamaonera makanema anuwa, n'kuona wakuda yekhayekha ndiye wakuba, wamantha kapena woyamba kufa, musafulumire kuseka. Muyambe mwafunsa kuti wagwira makina ndani, nanga wogwadayo akunena chiyani.