Anankafumbwe Osamva Mankhwala

Pamzere m'sitolo ya zaulimi, bambo wina wa jekete yothina anaona buku la sayansi likusuzumira m'chikwama cha mayi amene anali patsogolo pake.

"Ndinu aphunzitsi, mayi? Ndinu amene mukuuza ana athu kuti agogo awo anali anyani?"

"Sititero, bambo. Timati anthu ndi anyani ndi apachibale."

"Abale anu inuyo! Mulungu analenga zonse m'masiku asanu ndi limodzi, chilichonse monga mwa mtundu wake, basi. Mwana wanga wamkazi ndinamung'ambira masamba amenewo m'buku lake n'kuwaponya pamoto."

"Nanga pamayeso akalemba chiyani?"

"Choonadi. Akamulepheretsa, akhale pakhomo."

"Chabwino. Muno mwadzagula chiyani?"

"Mankhwala a anankafumbwe, atsopanowa. Akale aja ndi fumbi lachabe."

"Kale ankapha?"

"Ankapha zedi! Nthawi ya bambo anga unkangowaza kamodzi, m'mawa n'kusesa mitembo. Koma anankafumbwe a masiku ano ndi mtundu wina, mayi. Amasamba m'mankhwalamo ngati nkhuku pafumbi."

"Mtundu wina? Umenewo unalengedwa tsiku lachingati?"

"Musandikole ndi pakamwa. Tizilomboti tinangosintha."

"Eyatu. Tofooka tinafa, tolimba tinatsala n'kuswana. Masamba munawotchawo ankanena zomwezo."

"Za tizilombo ndi zina, za anthu ndi zina!"

"Dutsani, bambo, mugule msanga chimanga chisanathe. Kwanu nankafumbwe ali ndi ufulu wosintha, koma mwana alibe ngakhale wowerenga."