Bulangete la Masiku Atatu Okha

Pa siteji ya basi ku Mitundu, mayi wina atakumbatira bulangete latsopano anakhala pafupi ndi bambo wa malaya othimbirira penti.

"Mayi, mwatolatu chikwama! La m'sitolo yachikasu ija?"

"Eya bambo. Nditamva kuti atsitsa mitengo masiku atatu okha, ndalawirira kuchokera ku Dzalanyama, kusiya fodya m'chigafa."

"Mwachita bwino kuthamanga. Masiku atatu amenewo anayamba chaka cha riferendamu."

"Musandiseke. Pachikwangwani afufuta K180, alemba K90."

"Pamtengo wofufutidwawo sanagulitsepo bulangete ndi limodzi lomwe. Ku Nathenje lomweli ndi K75, popanda chikwangwani."

"Kumeneku ndiye kuba masanasana! Ndikadandaule kuti?"

"Ano ndi matipate, mayi. Kuwani mmene mungathere, palibe amene akumangeni. Palibenso amene akumvereni."

"Nanga inu zonsezi mukuzidziwa bwanji?"

"Chikwangwanicho ndinalemba ndine. Mitengo yonse iwiri, m'mawa umodzi."

"Ohoo! Ndiye munalemera nazotu."

"Kwambiri, mayi. Anandilipira bulangete ngati lanulo. Akuti ndithokoze, ndi la K180."