Makope a Bambo ndi Mawu Oti “Kuwoloka”

Ine, Philomena Chipanda, wa zaka 47, wokhala ku Chawama muno mu Zambia, telala, ndikunena izi:

Bambo anga, a Blackson Chipanda, anabadwira ku Malawi. Anali mphunzitsi wa mpingo wa Angilikani, koma mu 1991 analowa Chikatolika. Zifukwa zawo analemba pamanja m'makope khumi ndi anayi: za Misa, za Amayi Maria, za kulapa. Pachikuto cha kope lililonse analembapo “M'mene Ndinawolokera.” Ankawasunga m'katoni ya sopo.

Bambo anamwalira pa 3 Febuluwale 2024. Tinatulutsa katundu panja kuti olira apeze pokhala. Titaika maliro pa 6, tinabwezera zonse m'nyumba, koma katoniyo sinaoneke. Amayi ena anati anaona a Kalaba Mwape, owotcherera zitsulo, oyandikana nafe, atanyamula katoni. Ine mtima wanga ndi wapachala. Sindinawafunse, ndinangothamangira kuno kupolisi kudzawanenera zakuba.

Pa 8 kunagwa chimvula. Madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, ndipo mabuku ena onse a bambo anasanduka phala.

Dzulo cha m'ma 10 koloko m'mawa apolisi anagwira a Kalaba, ine ndilipo. A Kalaba eni ake anatilozera kudenga la nyumba yawo. Katoniyo inali pa mtanda wa denga, itakulungidwa m'pulasitiki kawiri. Makope onse analimo, ouma.

Nditawafunsa chifukwa, anayankha kuti: “Ba Philo, nenze kuyopa. Ninaona vakuwoloka, ninaganiza ati ba tate banu balemba mwamene banangenela mu Zambia kulibe mapepala. Pa malilo pamabwela bantu bambili. Sembe ba boma banakupokani ma reji imwe na bana banu.”

Ndinawauza kuti bambo anali ndi zitupa zonse, kuphatikizapo reji, chitupa cha unzika, ndipo kuwoloka kwawo kunali kuchoka tchalitchi china kupita china, mtunda wosakwana kilomita imodzi. A Kalaba anagwira pakamwa. Anati anangowerenga chikuto chokha, poti zam'kati zinali za mwini.

Ndachita manyazi, komanso ndikuthokoza kwambiri. Munthu ameneyu anagona m'chitokosi chifukwa chofuna kutiteteza. Ndikuchotsa dandaulo langa, ndipo ndikupempha kuti atulutsidwe lero. Sindichoka pa benchi ya panjapo mpaka titapitira limodzi kunyumba.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Wosayina: Philomena Chipanda
10 Febuluwale 2024